Tambala kapena msoti? Zomwe nthenga za mwanapiye zimaulula ndi zomwe zimabisa

REDCLIFF, Zimbabwe - Kuseri kwa nyumba za ku Torwood, limodzi mwa madera okhala anthu ambiri m'tauni ya Redcliff m'chigawo cha Midlands, si zachilendo kupeza kakhola ka nkhuku kokhomedwa ndi malata akale ndi waya. M'makola ena muli nkhuku zoyera za nyama zomwe zimagulitsidwa zikakwanitsa masabata 6, pamene m'makola ena muli nkhuku zachikuda, zomwe m'dziko la Zimbabwe zimadziwika ndi dzina loti road runner.

Torwood idamangidwa kuti mukhale anthu ogwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ya RISCO, yomwe idayamba kusungunula chitsulo ku Redcliff m'chaka cha 1948 ndipo idasintha dzina kukhala ZISCO dziko la Zimbabwe litalandira ufulu wodzilamulira mu 1980. Ena mwa anthu amene adadzalembedwa ntchito kumeneko adachokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, n'chifukwa chake m'derali muli mabanja amene makolo awo kwawo kudali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Ng'anjo za fakitaleyi zidazima mu 2008, ndipo anthu zikwizikwi amene ankadalira malipiro a pamwezi adayamba kudalira dimba, geni ndi ziweto zing'onozing'ono.

Kwa banja lotere nkhuku ndiyo ndiwo, ndiyo sopo, ndiyonso fizi ya mwana. Tsono woweta aliyense, kaya amalankhula Chichewa n'kumati tambala ndi msoti, kaya Chishona n'kumati jongwe ndi tseketsa, amakumana ndi funso limodzimodzi pa tsiku limene thadzi laswa kapena pamene wogulitsa watsegula katoni ya anapiye: aamuna ndi ati, aakazi ndi ati, nanga akadzakula nthenga zawo zidzakhala za mtundu wanji?

Funsoli limakhudza thumba. Mwachibadwa pafupifupi theka la anapiye oswedwa amakhala aamuna. Munthu akagula anapiye 25 osasankhidwa n'cholinga chodzatola mazira, ayembekezere kuti 12 kapena 13 mwa iwo sadzaikira dzira ngakhale limodzi. Msoti wa mtundu woikira mazira umadya chakudya chokwana makilogalamu 6 kapena 7 kuchokera pa tsiku loswedwa kufika masabata 18, ndipo chipsolopsolo chimadya kuposa pamenepo. Choncho zipsolopsolo 12 zimatha kumaliza thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50 mwini wake asanaonepo kanthu. Sikuti tambala ndi wopanda phindu, pakuti nyama ya road runner imagulidwa pa mtengo wokwera kuposa ya nkhuku zoyera, makamaka nyengo ya Khirisimasi. Koma woweta amene wadziwa msanga amatha kupatula zipsolopsolo kuti zizidzitolera zina pabwalo n'kumaziwonjezera gaga, ndipo chakudya chodula cha kusitolo amasungira misoti.

Zomwe akatswiri a za nkhuku adapeza n'zoti mwanapiye wa tsiku limodzi amaonetsa ndi nthenga zake kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi pokhapokha ngati makolo ake adasankhidwa mwadala kuti zitero. Popanda zimenezo, woweta wapakhomo alibe njira ina yodalirika koma kudikira masabata angapo.

Thadzi ndilo limagamula

M'madera ambiri mayi akamabereka ana aakazi okhaokha amalozedwa chala, chonsecho mwa anthu ndi mbewu ya bambo imene imagamula ngati mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Mwa nkhuku ndi mbalame zina zinthu n'zotembenuka, chifukwa wogamula ndi mayi.

M'kati mwa maselo a thupi muli tinthu tonyamula chibadwa totchedwa makromozomu, ndipo awiri mwa iwo ndiwo amaona za umuna ndi ukazi. Tambala ali ndi awiri ofanana, omwe akatswiri amawatcha Z ndi Z. Thadzi lili ndi awiri osiyana, Z ndi W. Mwanapiye aliyense amalandira Z imodzi kuchokera kwa tambala. Kuchokera kwa thadzi amalandira Z kapena W. Akalandira Z amakhala wamwamuna, akalandira W amakhala wamkazi, ndipo nkhaniyi imakhala yatha dzira lisanaikiridwe n'komwe.

Chotsatira chake n'choti Z ya thadzi imapita kwa ana ake aamuna okha, pamene ana aakazi Z yawo amaitenga kwa tambala. Pa Z yomweyo ndi pamene pamakhala malangizo a maonekedwe atatu amene maso a munthu amatha kuwaona mwanapiye akangouma: nthenga za mizere, nthenga zoyera ngati siliva m'malo mwa zofiirira ngati golide, ndi nthenga zomera mochedwa. Maonekedwe atatuwa ndi amphamvu, kutanthauza kuti amaonekera ngakhale mwanapiye atawalandira kuchokera kwa kholo limodzi lokha. Thadzi likakhala ndi amodzi mwa maonekedwewa koma tambala alibe, ana onse aamuna amatengera mayi awo ndipo ana onse aakazi amatengera bambo awo.

Amene adatchuka pogwiritsa ntchito lamuloli pa ulimi wa nkhuku ndi Reginald Punnett wa pa yunivesite ya Cambridge ku England. Iye pamodzi ndi mnzake Michael Pease adapanga mu 1929 mtundu wa nkhuku wotchedwa Cambar, woyamba umene anapiye ake aamuna ndi aakazi ankasiyana maonekedwe pa tsiku loswedwa mbadwo ndi mbadwo.

Kadontho koyera pamutu

Kumwera kwa Africa nkhuku imene imathandiza kwambiri pa njira imeneyi ndi Potchefstroom Koekoek, yomwe idapangidwa m'zaka za m'ma 1950 pa sukulu ya ulimi ya Potchefstroom ku South Africa posakaniza mitundu ya Black Australorp, White Leghorn ndi Barred Plymouth Rock. Nthenga iliyonse ya Koekoek ili ndi mizere yakuda ndi yoyera yopingasa. Ku Zimbabwe anapiye ake amagulitsidwa limodzi ndi a Boschveld, Sasso ndi Black Australorp, ndipo ogula ambiri onsewa amangowaika m'gulu la road runner.

Thadzi la Koekoek likakweredwa ndi tambala wopanda mizere, kaya wakuda kaya wofiira, anapiye onse amaswedwa akuda, koma aamuna amakhala ndi kadontho koyera pamwamba pa mutu pamene aakazi mutu wawo umakhala wakuda bii. Akakula, atambalawo amatuluka mizere ya mayi awo, misoti imakhala yakuda, nthawi zina yokhala ndi kufiirira pang'ono m'khosi. Tambala wakuda woyenera ntchitoyi ndi Black Australorp, nkhuku yomwe ku Malawi imadziwika kuti ya Mikolongwe kaamba koti boma lidayamba kuichulukitsira pa malo a ziweto a Mikolongwe m'boma la Chiradzulu m'zaka za m'ma 1950. Tambala wofiira woyenera ndi Rhode Island Red.

Makolo akasinthanitsidwa, chizindikirocho chimatayika. Tambala weniweni wa Koekoek ali ndi mizere pa Z zake zonse ziwiri, motero akakwera thadzi lakuda ana onse, aamuna ndi aakazi omwe, amatuluka ndi kadontho pamutu. Tambala woyera nayenso ndi wosayenera, chifukwa kuyera kwa mitundu ina monga White Leghorn kumaphimba mtundu wakuda ndipo kadonthoko sikaoneka.

Koekoek zikakwerana zokhazokha anapiye onse amakhala ndi kadontho, komabe pamakhala kusiyana pang'ono. Wamwamuna, poti walandira mizere kwa makolo onse awiri, kadontho kake kamakhala kakakulu ndi komwazika, ndipo akayamba kumera nthenga amaoneka woyererapo. Wamkazi kadontho kake n'kakang'ono, miyendo yake imaderapo kutsogolo, ndipo nthenga zake zimakhala zakuda kwambiri. Diso lozolowera limalondola nthawi zambiri, koma limaphonyanso.

Pali msampha wina kwa oweta nkhuku zachikuda. Si nkhuku iliyonse ya mawanga akuda ndi oyera imene ili ndi mizere yeniyeni. Zina zimangokhala ndi madontho oyera kunsonga kwa nthenga, ndipo chibadwa cha madontho oterowo sichikhala pa Z, choncho sichinena kanthu za umuna kapena ukazi. Njira yosiyanitsira ndi kuzula nthenga imodzi n'kuona ngati mizere ikudutsa mopingasa kuyambira kutsinde mpaka kunsonga.

Njira yachiwiri ndi ya golide ndi siliva. Tambala wofiira wa Rhode Island Red akakwera thadzi loyera la Light Sussex, anapiye aakazi amaswedwa ofiirira ndipo aamuna amaswedwa oyera mosakanikirana ndi chikasu. Makampani oswetsa anapiye amatsata lamulo lomweli pa nkhuku zofiira zoikira mazira monga Hy-Line Brown ndi Lohmann Brown. Apa wogula ali ndi podzitetezera. Ngati akuuzidwa kuti m'katoni muli misoti ya nkhuku zofiira za mazira koma anapiyewo ndi oyera, ndiye kuti akugula atambala. Anapiye aamuna a mitundu ya mazira amagulitsidwa motchipa kwambiri chifukwa sakula msanga ndipo alibe minofu yambiri, choncho munthu wogula m'mphepete mwa msewu kwa wogulitsa wosadziwika ayenera kusamala, makamaka mtengo ukakhala wotsika modabwitsa.

Njira ziwirizi zili ndi malire aakulu: zimagwira ntchito pa mbadwo umodzi wokha. Ana obadwa mwa njirayi akakwerana okhaokha, zidzukulu zimatuluka zosakanikirana, ndipo wofiira atha kukhala tambala, woyera n'kukhala msoti. Anthu ambiri amene adaonapo njirayi ikugwira ntchito pa anapiye ogula amakhumudwa poiyesa pa anapiye oswedwa pakhomo, ndipo chifukwa chake n'chomwechi.

Kutambasula phiko

Njira ina imene yafala kwambiri kudzera m'mafoni ndi ya phiko. Munthu amatambasula phiko la mwanapiye wa tsiku limodzi n'kuyang'ana mizere iwiri ya tinthenga tomwe tayamba kutuluka kunsonga. Ngati ta m'munsi tili tatitali kuposa ta pamwamba, ndi wamkazi. Ngati tonse tili tofanana, kapena ta pamwamba ndito tatitali, ndi wamwamuna.

Njirayi ndi yoona, koma ndi yoona m'makampani momwe adakweretsa tambala wa nthenga zomera msanga ndi thadzi la nthenga zomera mochedwa. Pamenepo ana aamuna amatengera kuchedwa kwa mayi, aakazi amatengera changu cha bambo. Ngakhale kumeneko kusiyanaku kumaoneka bwino masiku awiri kapena atatu oyamba okha. Pa nkhuku za pabwalo, zomwe palibe akudziwa chibadwa cha makolo ake, phiko limangouza munthu kuti mwanapiyeyo nthenga zake zikumera msanga kapena mochedwa, basi.

Njira yogwira ntchito pa mtundu uliwonse wa nkhuku pa tsiku loyamba ndi yoyang'ana kotulukira chitosi. Idachokera ku Japan, komwe akatswiri a za ziweto, mwa iwo Kiyoshi Masui ndi Juro Hashimoto, adaifufuza m'zaka za m'ma 1920, ndipo idafalikira ku America ndi ku Ulaya m'zaka za m'ma 1930. Wosankha amafinya mwanapiye pang'ono, n'kutembenuza kotulukira chitosiko kuti aone ngati kuli kachotupa kakang'ono kwambiri kamene kamapezeka mwa aamuna. Vuto n'loti anapiye ena aakazi amakhalanso ndi kanthu kofananako, ndipo ena aamuna kawo sikaoneka bwino. Katswiri wophunzira ntchitoyi amasankha anapiye pafupifupi 1,000 pa ola n'kuphonya ochepa chabe, koma luso limeneli limatenga miyezi yambiri kapena zaka. Munthu wosaphunzira akayesa amatha kuvulaza matumbo a mwanapiye n'kumupha, ndipo akapanda kumupha amakhala wangolota yankho.

M'maiko olemera nkhani ya kusankha anapiye idafika mpaka m'nyumba za malamulo. Kumeneko anapiye aamuna a mitundu ya mazira akhala akuphedwa pa tsiku loswedwa chifukwa alibe msika. Dziko la Germany lidaletsa mchitidwewu kuyambira pa 1 January 2022, ndipo makampani ena tsopano amagwiritsa ntchito makina oyeza dzira mwanapiye asanaswedwe. Makina oterewa ndi a makampani akuluakulu. Ku Torwood, monga ku Lilongwe, Chipata kapena Tete, chipsolopsolo sichitayidwa, chimaleredwa mpaka chikafike mumphika kapena kumsika.

Dzira losongoka ndi zikhulupiriro zina

Chikhulupiriro choti dzira lalitali losongoka limaswa tambala ndipo lobulungira limaswa msoti n'chakale kwambiri, ndipo akalewo sadagwirizanepo. Aristotle wa ku Greece adalemba kuti mazira aatali osongoka ndi aakazi, pamene Columella, mlembi wa za ulimi wa ku Roma, adalangiza zotsutsana nazo. Zoona zake n'zoti maumbidwe a dzira amadalira kwambiri thupi la thadzi loikiralo. Thadzi limodzi limakonda kuikira mazira ofanana maumbidwe, koma m'mazirawo mumatuluka ana aamuna ndi aakazi omwe.

Ena amagwira mwanapiye miyendo n'kumuzondotsa, amati wophiriphitha ndi tambala, wongoti phee ndi msoti. Ena amamugwira pakhosi n'kuona mmene wapindira miyendo. Enanso amalendeweretsa singano kapena mphete pa ulusi pamwamba pa dzira. Njira zonsezi zimalondola theka la nthawi, monga momwe angalondolere munthu wongotchula chilichonse chimene chabwera m'mutu. N'chifukwa chake sizitha msanga, poti aliyense amakumbukira tsiku limene adalondola.

Kutentha kwa pachisa nakonso sikusintha kanthu. Mwa ng'ona n'zoona kuti kutentha kwa mchenga momwe muli mazira ndiko kumagamula ngati ana akhale aamuna kapena aakazi, koma nkhuku sizitero.

Zomwe masabata amaonetsa

Kwa woweta nkhuku zachikuda zosakanikirana, mboni yodalirika ndi nthawi. Chizindikiro choyamba ndi lipombo. Kuyambira masabata 3 mpaka 6, lipombo la chipsolopsolo limayamba kukula ndi kufiira, ndipo tinyama tolendewera pansi pa mlomo timatuluka. Lipombo la msoti limakhala laling'ono ndi lotuwa kapena lachikasu mpaka pamene watsala pang'ono kuyamba kuikira. Kufiira ndiko kofunika kuposa kukula. Komanso poyerekeza ayenera kukhala anapiye a msinkhu umodzi ndi a lipombo la mtundu umodzi, chifukwa pali nkhuku za lipombo lalitali la mano ngati sowo ndi zina za lipombo lophwatalala lomwe silikula kwambiri ngakhale mwa tambala.

Pa msinkhu womwewo miyendo ya chipsolopsolo imayamba kunenepa ndi kutalika, ndipo chimaima chowongoka khosi. Kulimbana sikunena zambiri, pakuti timisoti natonso timajomphana pofuna kudziwa wamkulu ndani.

Umboni wosatsutsika umabwera pakati pa masabata 10 ndi 14, pamene nthenga za pamsana chakumchira zayamba kumera. Za tambala zimakhala zazitali, zowonda, zosongoka ndi zonyezimira, ndipo zimagwera m'mbali. Za msoti zimakhala zazifupi ndi zobulungira kunsonga. Nthenga za m'khosi zimasiyananso chimodzimodzi, ngakhale kuti kumeneko diso limanyengeka msanga. Njira yosavuta ndi kulowetsa kapepala koyera pansi pa nthengazo kuti nsonga zake zioneke bwino. Mwa nkhuku zofiira kapena za mawanga, zigamba zofiira kwambiri zonyezimira pamapewa a mapiko zimasonyezanso tambala. Nthenga zazitali zokhota za kumchira zimabwera pambuyo pake.

Kulira kumayamba kawirikawiri pa miyezi 4 kapena 5, ngakhale kuti zipsolopsolo zina zimayesa mawu zili ndi miyezi iwiri. Nkhuku za mitundu ya mazira zimayamba kuikira pakati pa masabata 18 ndi 22, pamene zachikuda zodzifunira chakudya zimachedwa mpaka miyezi 6 kapena kuposerapo. Njala, njoka za m'mimba, utitiri ndi matenda zimachedwetsa zizindikiro zonsezi, kotero kuti chipsolopsolo chonyentchera chimatha kuoneka ngati msoti kwa nthawi yaitali. Minga ya kumiyendo siithandiza pa msinkhu waung'ono, chifukwa anapiye onse amakhala ndi kachiphuphu pamalopo ndipo mathadzi ena okalamba amamera minga yeniyeni.

Pali chinthu china chimene chimachititsa mantha m'midzi: thadzi lolira ngati tambala. Ambiri amati ndi malodza ndipo amalipha tsiku lomwelo. Akatswiri a za ziweto amachifotokoza motere. Thadzi limagwiritsa ntchito chiwalo chimodzi chokha chopangira mazira, cha kumanzere, ndipo mahomoni ochokera m'chiwalocho ndiwo amapangitsa nthenga zake kukhala zachikazi. Chiwalocho chikawonongeka ndi chotupa kapena matenda, thadzi limasiya kuikira, lipombo limakula, limayamba kulira, ndipo likathothoka nthenga limamera zosongoka ngati za tambala. Kupha thadzi limene lasintha motere kulibe vuto pa chuma cha pakhomo, poti mazira ake amakhala atha kale.

Mtundu wa nthenga

Oweta a Chichewa ali ndi mayina ambiri a nkhuku potengera maonekedwe: yakuda, yoyera, yofiira, ya mawanga, kawangi, chiphulusa, tsumba, kameta wa khosi lopanda nthenga, kansilanga wa nthenga zopotana. Ena mwa maonekedwewa amadziwika msanga. Kameta amaswedwa khosi lili kale pamtunda, ndipo kansilanga amadziwika tinthenga ta m'mapiko tikangoyamba kupindikira kunja. Maonekedwe awiriwa amathandiza nkhuku kupirira kutentha, koma sanena ngati ndi yaimuna kapena yaikazi.

Ubweya wa mwanapiye umalosera mtundu wa nthenga mwapatalipatali. Mwanapiye wakuda wa kumimba koyera kawirikawiri amadzakhala nkhuku yakuda, ndipo tinthenga toyera tomwe timatuluka kunsonga kwa mapiko ake timathothoka akamakula. Wa mizere ya bulauni ndi yoyererapo yotsika ndi msana amakhala wa mtundu wa makolo akuthengo a nkhuku: akakhala msoti amadzakhala wabulauni wa timadontho, akakhala tambala amadzakhala wofiira m'khosi ndi pamsana, wa chifuwa ndi mchira wakuda. Wovuta ndi wachikasu, chifukwa atha kudzakhala woyera, wofiirira, kapena woyera wa khosi ndi mchira wakuda. Nkhuku imathothola ndi kumeretsa nthenga kangapo isanakhwime, motero mtundu wake weniweni umakhazikika pa miyezi 4 kapena 5.

Kuyera kuli kwa mitundu iwiri. Kwina n'kwamphamvu, monga kwa White Leghorn, ndipo kumaonekera mwa ana ngakhale kholo linalo likhale lakuda, nthawi zambiri ndi timadontho takuda apa ndi apo. Kwina n'kobisala: tambala wofiira ndi thadzi lakuda atha kukusunga onse awiri osaonetsa, kenaka n'kuswa mwanapiye woyera mbee. Mtundu wina wa chiphulusa uli ndi lamulo lakelake. Nkhuku ziwiri zoterozo zikakwerana, pa anapiye anayi alionse pamayembekezeka awiri a chiphulusa, mmodzi wakuda ndi mmodzi woyera wa mabanga otuwa. Wofuna anapiye a chiphulusa okhaokha ayenera kukweretsa wakudayo ndi woyera wa mabangayo.

Palinso chifukwa china chimene thadzi limodzi limaswera ana a mitundu yambiri. Thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi mwake kwa masabata awiri kapena atatu, choncho anapiye a chisa chimodzi atha kukhala ndi abambo osiyana. M'dera ngati Torwood, momwe nyumba n'zoyandikana ndipo nkhuku zotayirira zimadutsa mipanda, tambala wa pakhomo sangatsimikizike kuti ndiye bambo. Mathadzi awiri amathanso kuikira m'chisa chimodzi mwini wake osadziwa.

Mtundu wa nthenga sukhudza kuchuluka kwa mazira kapena kukoma kwa nyama, ndipo suteteza ku chitopa, chomwe chimafuna katemera. Komabe uli ndi ntchito yake. Oweta ambiri amakonda nkhuku zakuda, zabulauni ndi za mawanga ponena kuti mwanapiye woyera amaonekera patali kwa mphamba ndi kabawi. Pamsika nkhuku yoyera kapena yakuda yopanda banga imafunidwa ndi anthu a miyambo ya makolo ndi otumidwa ndi asing'anga. Ndipo pa chinkhoswe cha Achewa akuchimuna amapereka tambala pamene akuchikazi amapereka nkhuku yaikazi, mwambo umene sulola munthu kufika ndi nkhuku yokayikitsa.

Woweta wapakhomo wofuna kudziwa anapiye ake pa tsiku loyamba angathe kutero popanda makina. Afunika mathadzi a mizere yeniyeni monga a Koekoek ndi tambala mmodzi wakuda kapena wofiira wopanda mizere. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10. Mathadziwo atsekeredwe m'khola ndi tambala yekhayo kwa masabata atatu asanayambe kusunga mazira oswetsa, kuti mbewu ya atambala ena ithe. Mazira osungidwawo asapitirire sabata imodzi asanaikidwe pansi pa thadzi lofungatira, lomwe limakwanitsa mazira 10 kapena 12. Pakatha masiku 21 anapiye a kadontho koyera pamutu ndiwo atambala. Misoti yakuda yotuluka pamenepo ndi yabwino kuikira, koma ilibe mizere yopatsira ana ake, choncho wofuna kubwereza njirayi chaka chotsatira ayenera kusunga padera tambala ndi mathadzi angapo a Koekoek yeniyeni oti azimuswera mathadzi atsopano a mizere.